Mbiri ya Kuziziritsa Batire ya Galimoto Yamagetsi

Inu owerenga, mwina muganiza kuti galimoto yoyendera magetsi ndi cinthu ca masiku ano. Si tero ai. M'caka ca 1899, Camille Jenatzy wa ku Belgium anathamangitsa galimoto yotere kupitirira makilomita 100 pa ola limodzi. Batire ya nthawi imeneyo inali ya mtovu ndi asidi, mtundu umene Gaston Planté wa ku France anatulukira mu 1859. Inali yolemera, koma mphamvu yake inali yocepa. Cotero pamene magalimoto a petulo anachipa, monga Ford Model T ya 1908, amagetsi aja anaiwalika.

Zinthu zinasintha mu 1991 pamene kampani ya Sony inayamba kugulitsa batire ya lithium-ion. Batire imeneyi imasunga mphamvu yambiri m'malo ocepa, koma iri ndi mdani wake, ndiye kutentha. Imagwira bwino nchito pakati pa madigiri 15 ndi 35. Ikamatenthedwa kawirikawiri imakalamba msanga, ndipo ikatentha kopambana ikhoza kuyaka moto.

Apa opanga magalimoto anapatukana njira. Mu 2008, kampani ya Tesla inatulutsa galimoto yochedwa Roadster, yokhala ndi timabatire 6,831, ndipo pakati pa timeneti panapita timipope ta madzi oziziritsa. Mu 2010, kampani ya Nissan inatulutsa Leaf, imene batire yake inangodalira mpweya kuti izizire. Njira yaciwiriyi inali yapafupi ndi yosadya ndalama zambiri. Koma mu 2012, eni ake a Leaf mumzinda wotentha wa Phoenix, ku Arizona, anadandaula kuti mabatire ao anali kufooka nthawi isanakwane, ndipo Nissan inalonjeza kukonza kapena kusintha mabatire ofooka motero.

Nanga madzi apambana bwanji? Taonani: madzi amanyamula kutentha kocuruka koposa mpweya. Amawasakaniza ndi mankhwala ochedwa glycol kuti asaundane m'maiko ozizira. Pampu imawayendetsa m'timipope tokhudzana ndi batire, iwo natenga kutenthako ndi kukakutaya ku radiyeta. M'nyengo yacisanu madzi omwewo amafunditsidwa kuti afunditse batire. Motero nzeru yakale yoziziritsira injini ya petulo inapeza nchito yatsopano, ndipo opanga magalimoto ambiri anaitsata.

Nkhani imeneyi itikhudza ifenso. Magalimoto ambiri amene timagula muno m'Zambia anayamba agwirapo nchito ku Japan, ndipo m'mwezi wa October kutentha m'cigwa ca Luangwa kumafika madigiri 40. Batire ndiyo mbali yokwera mtengo koposa m'galimoto yamagetsi. Cifukwa cace musanapereke ndalama zanu, funsani kuti batire yake imazizira motani, ndiponso kuti mphamvu yotsalamo ndi yocuruka bwanji.