Mlonda Wonunkhiza Utsi

M'zaka za m'ma 1930, Walter Jaeger wa ku Switzerland anakonza chipangizo choti chidzinunkhiza mpweya wapoizoni, koma chinakanika. Atayatsa ndudu, kamuvi kake kanasuntha ndi utsi. Umo ndimo chinabadwira chipangizo chamakono chochenjeza za moto ponunkhiza utsi. Pofika m'ma 1980, m'nyumba zikuluzikulu chilichonse chinayamba kupatsidwa nambala yakeyake, kotero kuti belu likalira, mlonda amadziŵa chipinda chimene chikufuka.

Mu December 2015 moto unapsereza laibulale ya Yunivesite ya Mzuzu. Kumeneko anapsa ndi mabuku. Koma ku Ludzi, m'boma la Mchinji, m'chipatala ndi m'zogona za asungwana a sekondale mumagona anthu. Malo otere afunika chipangizochi, ndiponso munthu wochipukuta fumbi ndi kuchiyesa ndi utsi chaka ndi chaka, pakuti chotsekeka ndi fumbi chimangoti chete moto ukabuka.