Cinyanja ca m'kamwa ndi ca m'buku

Likulu la Northern Rhodesia litasamuka kucoka ku Livingstone kubwera ku Lusaka mu 1935, anthu ambiri a kum'mawa anakhamukira kuno kudzafuna nchito. Apolisi naonso anali kulankhula Cinyanja. M'makomboni cinenero cimeneci cinasakanikirana ndi Cinsenga, Cibemba ndi Cingelezi. Ndiko kunacokera "manje", "manzi" ndi "nifuna" zimene mumamva m'minibasi ya ku Libala.

Ca m'buku cinadzera njira ina. Amishoni ndiwo anayamba kucilemba, Buku Lopatulika linatuluka mu 1922, ndipo mu 1977 Unduna wa Maphunziro unabvomereza kalembedwe ka zinenero za m'Zambia. Buku limati "tsopano", "madzi", "ndifuna".

Pa wailesi ziwirizi zinakumana. Kuulutsa mau kunayamba mu Lusaka mu 1941, ndipo mu 1949 kawailesi kochipa ka Saucepan Special kanalowa m'nyumba za makolo athu. Wowerenga nkhani anali kutsata pepala: liu lililonse lathunthu, mpweya wolingana, kupuma pamene pali mpumiro. Pambuyo pa ufulu panamveka a Julius Chongo ndi "Poceza m'Madzulo". Munthu mmodzi yemweyo anali nkhalamba, mwana ndi mfiti, akusintha mau, kubwereza, kufulumira ndi kunong'ona. A Ernst Wendland, amene anaphunzitsa pa seminale ya Lutheran ku Chelstone, analemba nthanozo m'buku. Mau alimo, koma kanjenjemeredwe ka nkhalamba ija pepala silinakagwire.

Polankhula timadula mau, timabwerera m'mbuyo, timayang'ana nkhope ya mnzathu ngati wamva. Powerenga, maso ali papepala ndipo ciganizo anatimangira kale munthu wina.

Mu 2014 boma linati ana a giredi 1 mpaka 4 mu Lusaka aziphunzira m'Cinyanja. Mwana amene amakamba osapunthwa pa msika wa Kabwata anapatsidwa buku la Cicewa ca ku Katete, nayamba kucita cibwibwi. Ndamvapo akulu akuti ana otere ndi mbuli. Ine ndikana. Amene ndimaphunzitsa kuno ku Libala ndimayamba ndawauza kuti asimbe nkhani pakamwa, kenaka ailembe, pomaliza aiwerenge mokweza. Iwo eni amamva pamene mau auma, ndipo amabwerera kukakonza ciganizoco mpaka cimveke ngati munthu akulankhula.