Mayi Dorothy Vaughan ndi owerengera a ku Langley

Makompyuta asanabwere, masamu opangira ndege ankawerengedwa ndi anthu, ndipo ambiri mwa anthuwo anali amayi. Ku Langley, mumzinda wa Hampton ku Virginia m'dziko la America, bungwe lofufuza za ndege la NACA linali ndi zipinda zodzaza amayi otere, aliyense ndi pensulo, pepala ndi kamakina kowonkhetsera ka patebulo. Mainjiniya ankayesa mapiko a ndege powawombetsa mphepo yamphamvu, manambala onse otuluka pamenepo n'kukawatula kwa amayiwa.

Chimene chinalowetsamo amayi akuda ndi nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Mu 1941, A. Philip Randolph ataopseza kuti atsogolera khamu la anthu akuda kukachita zionetsero ku Washington, Pulezidenti Roosevelt anasaina lamulo loletsa tsankho pa ntchito zokhudza chitetezo. Mu 1943 Mayi Dorothy Vaughan anasiya choko pasukulu ya sekondale ya ku Farmville, komwe ankaphunzitsa masamu, n'kukayamba ntchito ku Langley. Malamulo a Virginia okha ndiwo sanasunthe. Amayi akuda anawaika m'gulu laokha lotchedwa West Area Computing, zimbudzi zawozawo, podyera pawopawo.

Mu 1949 Mayi Vaughan anakhala mkulu wa gululi, munthu wakuda woyamba kuyang'anira antchito ku NACA. Masiku ano dzina lomveka ndi la Katherine Johnson, amene mu 1962 anatsimikiza masamu a ulendo wa John Glenn wozungulira dziko, ndipo m'pake kumutama. Koma ine mtima wanga uli pa Mayi Vaughan, chifukwa ndiwo ankadziwa luso la mayi aliyense m'chipindamo. Injiniya akafuna womuthandiza pa ntchito yovuta, ankadalira iwowa kuti amusankhire. Johnson atangofika mu 1953, ndi iwo anamutumiza ku nthambi yofufuza za kauluke ka ndege, kumene nzeru zake zinakaonekera. Mayi Vaughan ankalimbanso mtima kupemphera anzawo kuti akwezedwe pantchito ndi kuwonjezeredwa malipiro, ngakhale amayi achizungu a m'magulu ena.

Chondiwawa chinadza mu 1958. NACA inasanduka NASA, ndipo gulu la akuda okhaokha linathetsedwa. Linayeneradi kutha, palibe angalilire. Koma linatha pamodzi ndi udindo wa Mayi Vaughan: amene anatsogolera akuda anzawo pafupifupi zaka khumi sanawapatse gulu losakanikirana kuti alitsogolere.

Sanakhale pansi kudandaula. Anali ataona kale kuti makina a IBM alanda ntchito ya pensulo, choncho anaphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta mu FORTRAN, n'kuthandiza anzawo kuti nawonso asatsalire. Anagwira nawo ntchito ya roketi ya Scout yonyamula masetilaiti. Udindo wina wautsogoleri anaufunafuna, koma sanaupeze mpaka anapuma mu 1971. Anamwalira mu 2008, kutatsala zaka 8 kuti Margot Lee Shetterly atulutse buku la Hidden Figures, limene linadziwitsa dziko za iwo.