Sukulu ya mwana wanga, ndi mbiri yoyambira ku Lulwe

Anzanga a m'gulu muno, sabata ino ndabwera ndi mbiri, koma ndiyambira pakhomo panga.

Mwana wanga wachiwiri anabwereza sitandade 2 katatu. Pamsika pano pa Nchalo akandigwirira benchi la tomato, chenje salakwitsa olo kamodzi. Koma mumupatse buku, zilembo zimamusokonekera, b amayesa d, dzina lake lomwe amalemba chobwerera. Kusukulu yake yoyamba ankangoti ndi waulesi. Ena kumudzi ankati, "Mayi, pitani naye kwa asing'anga, amutsekera mutu ameneyu." Inenso ndinamukwapulapo, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Ambirife sitidziwa kuti maphunziro a ana aulumali m'dziko muno anayambira konkuno ku chigwa cha Shire. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, dziko likadali Nyasaland, boma la Nsanje likutchedwa Port Herald, amishoni anatsegula sukulu za ana osaona ziwiri: ina ku Chilanga ku Kasungu, ina ku Lulwe, kumapiri a Nsanje kufupi ndi malire a Mozambique. Kumeneko ana ankaphunzira kuwerenga ndi zala, zilembo za Braille.

Mu 1968, abulazala a Chikatolika a FIC anayambitsa maphunziro a ana osamva ku Montfort, ku Nguludi m'boma la Chiradzulu. Malo omwewo ndi amene mpaka lero amasula aphunzitsi a ana ofunika thandizo lapadera.

Taonani ndondomeko yake: anayamba osaona, kenako osamva. Ulumali wawo umaoneka, aliyense amavomereza. Nanga mwana woti maso ali bwino, makutu ali bwino, mpira amamenya, koma kuwerenga kokha kukumukanika? Ameneyo anadikira nthawi yaitali.

Mu 1994, a Bakili Muluzi atabweretsa pulayimale yaulere, ana m'sukulu anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Makalasi anasefukira, ena n'kumaphunzira pansi pa mtengo. Chaka chomwecho, mayiko anagwirizana ku Salamanca, ku Spain, kuti ana aulumali aziphunzira limodzi ndi anzawo m'sukulu wamba. Koma mphunzitsi mmodzi pa chigulu cha ana chotero angamuone bwanji mmodzi amene akutembenuza zilembo? Unduna wa zamaphunziro unadzayamba pulogalamu ya ana ovutika kuphunzira mu 1996, patatha zaka zoposa 40 chiyambireni Lulwe. Lamulo loteteza anthu aulumali linadzabwera mu 2012.

Mbiri imeneyi ndinaimva kwa mphunzitsi wina wopuma ntchito, kasitomala wanga wa masiku onse. Tsiku lina ndikuwadandaulira, anati, "Mwana wanga, ukamasankha sukulu usafunse kuti amakhoza angati mayeso a sitandade 8. Funsa ngati pali mphunzitsi amene anakaphunzira za ana ovutika kuphunzira ku Montfort." Anandiuzanso kuti aphunzitsi amenewa amasiyana: wina ndi wa osaona, wina wa osamva, wina wa ana ngati wangayu. Sukulu itha kukhala ndi risosi senta koma yosagwirizana ndi vuto la mwana wako.

Ndinatseka geni masiku atatu, n'kuyenda sukulu zinayi. Ya pulayiveti ina inali yokongola, yunifolomu yonyadira, koma nditafunsa funso lija ahedi anangoti, "Kuno timawaphunzitsa mofanana onse." Ndinathokoza n'kutuluka. Imene ndinasankha ndi yaboma, makoma ake akuonekabe pamene panafika madzi a Freddy mu 2023. Koma ili ndi kachipinda kamodzi komwe amadamu ena amatenga ana ochepa maola ena pa sabata, n'kumaumba nawo zilembo ndi dongo, kulemba pamchenga, kenako n'kuwabwezera m'kalasi mwa anzawo.

Ndi kutali ndithu. Ndalama ya kabaza imadya phindu la beseni lathunthu pa sabata, ndipo mwezi wina imandivuta. Mnyamatayo sanasanduke wanzeru zoopsa ayi, akuwerengabe mwapang'onopang'ono. Koma mwezi watha anandiwerengera yekha zolembedwa pa thumba la shuga, ndipo m'mawa salinso kubisala kuseri kwa bafa.

Funso langa kwa inu a Chikwawa, Nsanje ndi kwina konse: kusukulu ya kwanuko, mphunzitsi wotereyu alipo? Ngati simukudziwa, kafunseni kwa ahedi kapena kwa a PEA a zoni yanu. Mwina mwana amene mukumutcha waulesi akungodikira kuti wina afunse.