Mau Amodzi a Ana Athu a ku Yunivesite

Inu anzathu a ku migodi ndi a m'matauni, mwamva kuti m'caka ca 1949 timabungwe ta anchito a pa Nkana, Mufulira, Nchanga ndi Roan Antelope tinalumikizana, nitipanga bungwe limodzi lotsogozedwa ndi Lawrence Katilungu. Pamenepo ndipo eni migodi anayamba kuchera khutu. Lero tikambe za ana athu a ku yunivesite, amene anatsata njira yomweyo.

Mwana wocokera ku Lundazi amatsikira ku Chipata, nagwira mseu waukuru wa ku Lusaka. Pambali pa mseu womwewo, polowa m'mzinda, pali University of Zambia, imene inayamba m'caka ca 1966 ndi ophunzira 312, anthu wamba atasonkhako ndarama zomangira. Kumeneko mnyamata wolankhula Citumbuka anapezana ndi Mlozi, Mtonga ndi Mbemba. Wina alinkuphunzira zamalamulo, wina zauphunzitsi, ndi ena zamankhwala pa Ridgeway, kutali ndi anzao. Gulu liri lonse likadadandaula palokha, akadalimva ndani? Cifukwa cace onse anakhala pansi pa bungwe limodzi, dzina lace UNZASU, namasankha akuru ao, kuti akawanenere kwa eni sukulu ndi ku boma za cakudya, malo ogona ndi ndarama za maphunziro.

Mphamvu ya bungweli inaoneka mu July 1971, pamene ophunzira anaguba kunka ku nyumba ya kazembe wa France, kukana kuti dzikolo lithandize South Africa ndi ndege za nkhondo. Apolisi anawabalalitsa ndi utsi wokhetsa misozi. Akuru a bungwe analembera Pulezidenti Kaunda kalata yowawa, ndipo boma linatseka sukulu, nilicotsa akuruwo. M'caka ca 1976 ophunzira anaima ndi MPLA pa nkhondo ya ku Angola, motsutsana ndi boma. Mu February sukulu inatsekedwanso, atsogoleri ena naikidwa m'ndende. Amene anaguba ndi amene sanagube, onse anamanga katundu. Makolo kumudzi anangoona ana ao atafika pakati pa caka.

M'caka ca 1987 nthambi ya ku Kitwe inapatuka, nikhala Copperbelt University, ndi bungwe lacelace, COBUSU. Masukulu akuru atacuruka, mabungwe ao anacurukanso, ndipo nchito yowakumanitsa kuti akanene mau amodzi ku boma inagwera ZANASU, bungwe la ophunzira a dziko lonse.

Akuru anati mutu umodzi susenza denga, ndipo inu a ku migodi mudziwa kuti ndi zoona. Koma osenza denga ayenera kuyamba apangana kumene alinkunka nalo, pakuti likagwa panjira liphwanya onse, ngakhale iye amene anangogwirizako. Mwana wanu akabwera pa chuthi, mumfunse ngati amafika ku msonkhano wa bungwe lace. Tsalani bwino.