Ansembe a kwathu anachokera kutali

Ine ndine mlimi wa chimanga ndi mbatata kuno ku Angónia, sukulu ndinalekezera ku pulaimale. Chandilembetsa ndi mwana wa mlongo wanga. Mnyamatayu akumaliza kalasi 12 ndipo akuti akufuna kupita ku seminale. Ine monga malume ake ndinakana poyamba. Ndinati, atatilimira ndani? Nanga mbumba akaiyang'anire ndani? Koma ndisanatseke nkhani ndinayamba ndafunsa akatekisita ndi akuluakulu a kutchalitchi kuti unsembewu unatifika bwanji ife anthu akuda. Zimene ndinamva ndi izi.

Ansembe a Chijezuwiti anakhazikika ku Lifidzi kale kwambiri, agogo athu ali ana, koma onse anali azungu. M'chaka cha 1940 boma la Apwitikizi linasainirana pangano ndi Papa, ndipo sukulu za anthu akuda zinaperekedwa m'manja mwa mishoni. Ngakhale zinali choncho, mwana wakuda wofuna unsembe analibe kophunzirira maphunziro apamwamba m'dziko muno. Alexandre José Maria dos Santos, wa ku Inhambane, anachita kupita ku Nyasaland kukaphunzira filosofiya kwa ansembe a White Fathers, kenako ku Portugal. Anadzozedwa mu 1953, kukhala wansembe wakuda woyamba wa Mozambique. Tangoganizani, patapita zaka mazanamazana chifikireni Apwitikizi!

A White Fathers aja anafika kuno mu 1946 ataitanidwa ndi bishopu wa ku Beira, Sebastião Soares de Resende. Nthawi imeneyo Tete inali pansi pa Beira, chifukwa dayosizi yathu inabadwa mu 1962. Iwowa ndi amene ankayendetsa seminale ya ku Zóbuè, pa malire ndi Mwanza, kumene anyamata ambiri anayambira ulendo wawo. Mu 1971 analongedza katundu nachoka m'dziko muno. Chifukwa chake anati sangapitirize kutumikira mu Mpingo umene akuluakulu ake anali chete pomwe atsamunda ankazunza anthu.

Ufulu utabwera mu 1975, boma linatenga sukulu ndi zipatala za mishoni. Amishonale ambiri anabwerera kwawo, maseminale anatsekedwa, ndipo ansembe akuda anali owerengeka ndi zala. Chaka chomwecho bambo dos Santos anakhala arkibishopu wa ku Maputo, ndipo mu 1976 Tete inalandira bishopu wakuda woyamba, Paulo Mandlate. Koma bishopu wopanda ansembe angatani? Mu 1977 ku Beira kunachitika msonkhano wa Mpingo wa dziko lonse, nagwirizana kuti akhristu eni ake azitsogolera mapemphero m'midzi. Ndiye chiyambi cha mphamvu ya miphakati ndi akatekisita amene tikuwaonawa.

Kenako nkhondo. Pa 30 Okutobala 1985 ansembe awiri a Chijezuwiti anaphedwa ku Chapotera, kufupi ndi Lifidzi: bambo Sílvio Moreira, Mpwitikizi, ndi bambo João de Deus Kamtedza, mwana wa konkuno ku Angónia. Amayi anga amati zitatero anthu anatha miyezi osaona Misa, maliro kumaika okha, mpaka anathawira ku Dedza. Ine ndinabatizidwira komweko kothawirako. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ndipo mmodzi wa ankhoswe ake anali arkibishopu wa ku Beira, Jaime Gonçalves, munthu wophunzira m'seminale zomwezi.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti wansembe samera ngati bowa usiku umodzi. Malamulo a Mpingo amati munthu aphunzire zaka zosachepera 6, ziwiri za filosofiya ndi zinayi za teolojiya, osawerengera zaka zokonzekera. Kwathu kuno filosofiya amakaphunzira monga ku seminale ya Santo Agostinho ku Matola, ndipo teolojiya ku São Pio X ku Maputo. Amaphunzira Baibulo, mbiri ya Mpingo, malamulo ake, masakramenti ndi kasamalidwe ka anthu. Amayamba wakhala dikoni, kenako bishopu n'kumusanjika manja. Ena amabwerera panjira, ndipo si mlandu. Ndiye mukatseka seminale chaka chino, njala yake imadzamveka patapita zaka khumi, ngati munthu wodya mbewu.

Nditamva zonsezi ndinakhala pansi ndi mlongo wanga. Kunena zoona mtima ukundiwawabe, chifukwa mnyamatayu ndi amene amandigwirira ng'ombe pa ngolo, ndipo Maputo ndi kutali zedi. Koma tonse timadandaula kuti abambo amabwera kamodzikamodzi ku tchalitchi chathu cha kumudzi. Nanga tikufuna achokere m'nyumba ya yani? Ndamuuza kuti akayambe, ndalama ya ulendo ndigulitsa matumba a mbatata. Akakaona kuti si njira yake, khasu lake lilipo, sitidzamuseka.

Anzanga a makalabu ena, makamaka inu a ku Tsangano ndi ku Zóbuè, ngati agogo anu akukumbukira za seminale ija, tilembereni kapena mudzanene pa pulogalamu yathu. Akuluakuluwa akutha, ndipo mbiri ikupita nawo.