Ana amene tinkawati ngouma mutu

Chiyambire 1884, pamene Alexander Hetherwick anatsegula mishoni ya Domasi, sukulu za m'chigwa muno zakhala zikudalira khutu. Mphunzitsi anena, ana abwereza. Sukulu ya Jeanes itayamba kusula aphunzitsi kuno kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, inaphunzitsa ukhondo, ulimi ndi ntchito zamanja, koma kalasi inakhalabe ya "nenani nonse".

Mwana wogontha ankadziwika msanga. Pofika m'ma 1970, ena ankapita nawo ku sukulu ya ogontha ya Maryview, ku Nguludi m'boma la Chiradzulu. Amene analibe kolowera ndi mwana wa mtundu wina: mukagwetsa ndalama kumbuyo kwake amacheuka, koma mvula ikangoyamba kulira pamalata, mawu a mphunzitsi amasanduka phokoso basi. Ine ndinaphunzitsa ana otere m'makalasi odzaza mpaka pakhomo. Anzanga ankati ngouma mutu, makolo ankati ndi mwano, ndipo chikoti chinali pafupi.

Kunja vutoli analizindikira kale. Mu 1954 Helmer Myklebust wa ku America analemba kuti pali ana amene makutu awo ndi abwinobwino koma ubongo umalephera kusanja zimene zalowa. Mu 1961 Doreen Kimura ku Montreal ankauza anthu kuti amvetsere manambala osiyana m'makutu awiri nthawi imodzi, n'kupeza kuti ambiri amagwira bwino za khutu la kumanja. Mayeso a lero anachokera kumeneko: mwana amavala mahedifoni, amatchula zimene wamva uku ndi uku, kenako amatola mawu pakati pa chiphokoso. Kawirikawiri amadikira akwanitse zaka 7, poti ubongo wa wamng'ono umakhala usanakhwime.

Kwathu zipatala zoyezera makutu zafika mochedwa: ku African Bible College ku Lilongwe, kenako ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2016. Madokotala kumeneko ali ndi ntchito yaikulu kale, ya mafinya m'khutu ndi makutu oonongeka ndi malungo aakulu kapena kwinini.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti mayeso otchukawo anakonzedwa m'Chingerezi. Mwana wa ku Domasi amalankhula Chiyao kunyumba, Chichewa pabwalo, Chingerezi m'kalasi. Mukamuyesa ndi mawu achilendo iye n'kulephera, mwayesa ubongo wake kapena Chingerezi chake?